Mkono wanga unagona ine ndili maso: fizikisi ya jakisoni wa dzanzi

Chaka chatha m'mwezi wa June ndinagwa pa kabaza ndikupita kusukulu. Galu anadutsa mumsewu, woyendetsa anaponda buleki mwadzidzidzi, ine n'kutera pansi ndi dzanja lamanja. Fupa linathyoka pafupi ndi pomwe timavala wotchi, ndipo linathyoka moipa moti chikhakha chokha sichikanathandiza. Anandiuza kuti pafunika opaleshoni yoika kachitsulo.

Ndinalowa ku fiyeta ndikuganiza kuti andigonetsa, ndidzadzuka zonse zitatha. Koma bambo wogonetsa odwalayo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, lero inu simugona. Tigonetsa mkono wokha." Anandibaya jakisoni pamwamba pa fupa lopingasa lija la pansi pa khosi, la clavicle. Patapita mphindi pafupifupi 20 mkono wonse unali ngati wa munthu wina. Anandicheka, anabowola fupa, anasoka, ine ndikumva phokoso la zitsulo ndi nkhani zawo za mpira, koma ululu ayi.

Nditabwerera kusukulu, mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, anakubayani pakhosi, nanga zala zinachita dzanzi bwanji poti zili kutali?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa belu linali litalira. Yankho lathunthu ndi ili, ndipo mupeza kuti mbali yaikulu ndi zomwe timaphunzira kale pa magetsi ndi pa mafunde. Njira imeneyi achipatala amaitcha peripheral nerve block.

Tiyambe tagwirizana mawu. M'Chichewa timati "mtsempha" ponena za njira ya magazi, komanso ponena za ulusi wotumiza mauthenga ku ubongo. M'nkhani ino ndizinena kuti mtsempha wa magazi ndi mtsempha wa uthenga. Musaone ngati ndikuchulutsa gaga m'diwa. Ngozi yaikulu ya jakisoni ameneyu imabwera pamene mankhwala opita ku mtsempha wa uthenga alowa mu mtsempha wa magazi, ndipo m'thupi awiriwa amakonda kuyenda moyandikana ngati mapasa.

Uthenga wa ululu ndi magetsi

Mukaponda munga, phazi silidziwa kanthu palokha. Limatumiza uthenga kudzera mu mtsempha wa uthenga, kupita ku msana, kenako ku ubongo, ndipo ubongo ndi umene umati "mayo". Uthengawo ndi wa magetsi, koma suyenda ngati magetsi a mu waya wa kopa. Mu waya mumayenda ma electron. Mu mtsempha zimene zimasuntha ndi ma ion, makamaka a sodium ndi potassium, ndipo amadutsa chopingasa khoma la selo, kulowa ndi kutuluka.

Mtsempha ukakhala phee, m'kati mwake mumakhala negative poyerekeza ndi kunja. Kusiyanako ndi pafupifupi -70 mV. Ndi ka batire kakang'ono zedi: batire ya mu tochi ndi 1.5 V, kutanthauza kuti ikuposa nthawi zopitirira 20. Pa khoma la selo pali tizitseko tomwe timatseguka voltage ikasintha. Tikatseguka, sodium amathamangira m'kati, voltage imakwera mpaka cha m'ma +30 mV, ndipo kukwerako kumatsegula tizitseko totsatira. Tinato timatsegulanso ta patsogolo pake. Uthenga umayenda choncho, ngati moto wolusa pa udzu wouma wa mu October: udzu sukuyenda, koma motowo ukupita. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku Britain anafotokoza zimenezi ndi masamu mu 1952, atayeza mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1963.

Liwiro lake limadalira kukula kwa ulusi. Ulusi wonenepa wokutidwa ndi myelin umafika mamita 100 pa sekondi kapena kuposerapo. Ulusi woonda wopanda chokutira umayenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi. N'chifukwa chake mukapunthwa chala pa mwala mumamva kaye kulasa kwachangu, kenako patapita ka sekondi n'kubwera ululu weniweni uja wonyeketsa. Ndi mauthenga awiri oyenda pa misewu iwiri yosiyana.

Tsopano mankhwala a dzanzi, monga lidocaine ndi bupivacaine, amachita chinthu chimodzi basi: amalowa mu selo n'kutseka tizitseko ta sodium tija kuchokera m'kati. Pa chigawo chimene mankhwala afika, moto umazima. Zili ngati mwalambula udzu mzere umodzi kuti moto usadutse. Kumunsi kwa mzerewo zala zikutumizabe uthenga wa ululu, koma uthengawo ukufera panjira, ubongo sukulandira kanthu. Mauthenga ochokera ku ubongo nawonso sadutsa, ndiye mkono sutheka kuunyamula. Kawirikawiri kumva ululu ndi kutentha kumayamba kutha, kumva kukhudza ndi mphamvu zosuntha n'kutsatira. Ine ndinkamva kuti akundikankha mkono, koma kuwawa kunalibe.

Pali kanthu ka chemistry komwe ena a inu munakumana nako kale. Mankhwalawa ndi ma base ofooka, ndipo amadutsa khoma la selo pamene alibe charge. Pamalo potupa ndi mafinya pamakhala acid wambiri, ndiye mankhwala ochuluka amatenga charge n'kulephera kulowa. Ngati munazulitsapo dzino lotupa n'kumvabe kuwawa jakisoni atabaya, chifukwa chimodzi n'chimenechi.

Bwanji pakhosi?

Ganizirani mudzi wa nyumba 50 zolandira magetsi kuchokera pa thiransifoma imodzi. Mukafuna kuzimitsa mudzi wonse, mungayende nyumba ndi nyumba, kapena mungazimitse pa thiransifoma pomwepo. Mitsempha ya uthenga ya mkono imachokera ku msana wa pakhosi, mizu isanu yotchedwa C5, C6, C7, C8 ndi T1. Imalukana n'kupanga mtolo wotchedwa brachial plexus, womwe umadutsa pansi pa clavicle kulowera kukhwapa, kenako n'kugawikana kupita kuzala. Pamwamba pa clavicle mtolowu umakhala wothinana kwambiri. Mankhwala ochepa pamenepo amazimitsa pafupifupi mkono wonse.

Zoterezi si zachilendo kwa inu. Dokotala wa mano akabaya mkati mwa kamwa kuseri kwa nsagwada ya pansi, n'kuchita dzanzi mano a mbali yonse ndi theka la mlomo, imeneyo ndi nerve block. Anyamata amene anapita ku mdulidwe wa kuchipatala anabayidwanso mankhwala a mtundu womwewu.

Mbiri yake ndi yodabwitsa pang'ono. Mankhwala oyamba a dzanzi anali cocaine. Mu 1884 Carl Koller wa ku Vienna anaonetsa kuti madontho ake amachititsa diso dzanzi. Posakhalitsa William Halsted ndi Richard Hall ku New York anayamba kuwabaya pafupi ndi mitsempha ya uthenga, akuyeserera pa matupi awo omwe. Njirayo inagwira, koma Halsted anakodwa mu chizolowezi cha cocaine chomwe chinamusautsa moyo wake wonse. Mu 1911 Diedrich Kulenkampff wa ku Germany anayambitsa kubaya pamwamba pa clavicle, malo omwe anandibaya ine, ndipo nayenso anayamba kudzibaya yekha. Lidocaine anapangidwa ku Sweden mu 1943 ndi Nils Löfgren.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Wodwala amapuma yekha, sadzuka ndi mseru ndi chizungulire cha mankhwala ogonetsa thupi lonse, ndipo ululu umachedwa kubwera opaleshoni itatha. Kwa agogo odwala mtima kapena mapapo, kugonetsa mkono kapena mwendo wokha nthawi zina ndi njira yochepa ngozi.

Kupeza ulusi womwe sukuoneka

Apa ndi pamene mphunzitsi wa fizikisi amasangalala. Mtsempha uli pansi pa khungu, mwina masentimita awiri, ndipo pambali pake pali mtsempha waukulu wa magazi, pansi pake pali phapo. Singano iyenera kufika pafupi ndi mtsempha wa uthenga popanda kuulasa. Mungaupeze bwanji?

Akale ankapapasa mafupa ndi kugunda kwa magazi, n'kulowetsa singano mpaka wodwala atanena kuti wamva ngati shoko yathamangira kuzala. Mumaidziwa shoko ija mukagunda chigongono pa desiki? Imeneyo. Njirayi inkagwira, koma inali yoyenda mumdima.

Kenako kunabwera kachipangizo kotchedwa nerve stimulator. Singano yake ndi yokutidwa ndi insulator thupi lonse kupatula kunsonga, ndipo imatulutsa current yaing'ono modukizadukiza, kamodzi kapena kawiri pa sekondi. Wobaya amayamba ndi pafupifupi 1 mA. Nsonga ikayandikira mtsempha, minofu yolamulidwa ndi mtsemphawo imayamba kudumpha yokha. Ndiye amatsitsa current pang'onopang'ono. Mphamvu ya magetsi imachepa msanga mukamatalikira gwero lake, choncho ngati minofu ikudumphabe pa 0.3 mpaka 0.5 mA, nsonga ili pafupi ndithu. Koma ikamadumphabe pa 0.2 mA kapena kutsika apo, ndi chenjezo lakuti mwina nsonga yalowa m'kati mwa mtsempha, ndipo ayenera kubweza singano asanathire mankhwala. Taonani, kusiyana kwa malo abwino ndi malo oopsa ndi magawo ochepa a milliampere.

Kwa ine anagwiritsa ntchito ultrasound, makina a mtundu womwe amaunikira amayi oyembekezera. Khutu la munthu limamva mpaka 20 kHz. Makinawa pa ntchito imeneyi amatulutsa mafunde a m'ma 10 MHz, kuchokera ku timiyala tomwe timanjenjemera tikapatsidwa voltage, ndipo timatulutsa voltage tikagwedezedwa. Khalidwe limeneli ndi piezoelectric effect, lomwe abale awiri, Jacques ndi Pierre Curie, anatulukira mu 1880. Kachipangizo kamodzi komweko kamakuwa n'kumvetsera echo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. M'minofu phokoso limayenda pafupifupi 1540 m/s, kuposa kanayi liwiro lake mu mpweya. Ngati mtsempha uli 2 cm pansi pa khungu, funde liyenda ulendo wopita ndi wobwerera, 0.04 m. Nthawi ndi 0.04 kugawa ndi 1540, yomwe ndi masekondi 0.000026, kapena kuti 26 microseconds. Makina amayeza nthawi imeneyi n'kugwiritsa ntchito d = vt/2, fomyula yomwe ija ya munthu wowomba m'manja patsogolo pa phiri yomwe imabwera pa mayeso a MSCE. Amachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi n'kujambula chithunzi.

Nanga bwanji frequency yokwera chonchi? Kuchokera pa v = fλ, wavelength ndi 1540 kugawa ndi 10,000,000, yomwe ndi 0.154 mm. Funde silingaonetse bwino chinthu chochepa kuposa wavelength yake, ndiye kuti muone ulusi wa mamilimita ochepa mufunika funde lalifupi. Koma pali mtengo wake: frequency ikakwera, funde limafooka msanga m'thupi. Pofuna mtsempha wakuya, monga sciatic wa m'thako, amatsikira ku 2 mpaka 5 MHz, n'kulolera chithunzi chosaoneka bwino kwenikweni. Ndipo jelo wozizira amene amapaka pakhungu si wokongoletsa. Pakakhala mpweya pakati pa kachipangizo ndi khungu, mafunde opitirira 99 pa 100 alionse amabwerera pomwepo osalowa m'thupi.

Ndinapempha kuti anditembenuzire sikirini pang'ono. Ndinaona bwalo lakuda likugunda, umenewo ndi mtsempha wa magazi, wakuda chifukwa madzi sabweza mafunde ambiri. Pambali pake panali timabwalo tounjikana ngati mazira a chule, ndiwo mtolo wa mitsempha ya uthenga. Pansi panali mzere woyera wa nthiti yoyamba, ndipo cha pambali pake kamzere konyezimira kakuyenda ndikamapuma, chikuto cha phapo langa. Singano inalowa ngati kamzere koyera, ndipo mankhwala anaoneka ngati chithaphwi chakuda chikuzungulira timabwalo tija. Kunena zoona, mtima unagunda nditaona kufupika kwa nsonga ya singano ndi phapo.

Pamene zinthu zimalakwika

Ngozi yoopsa koposa ndi mankhwala kuchuluka m'magazi, kaya chifukwa singano yalowa mu mtsempha wa magazi kaya chifukwa mlingo wapitirira. Kumbukirani ntchito ya mankhwalawa: kutseka tizitseko ta sodium. Ubongo ndi mtima zimadaliranso tizitseko tomweto. Zizindikiro zoyamba zimakhala dzanzi kuzungulira milomo, m'kamwa kumveka ngati mwanyambita ndalama yachitsulo, m'makutu kulira, ndi kusokonezeka mutu. Zikapitirira munthu amagwa ngati wa khunyu, mtima umasokoneza kagundidwe, ndipo ukhoza kuima. Bupivacaine ndiye woopsa kwambiri ku mtima chifukwa amamatirira pa tizitseko nthawi yaitali. Mu 1979 dokotala wa ku America, George Albright, anachenjeza za odwala omwe mtima unaima atabayidwa mankhwala a mtundu umenewu.

N'chifukwa chake wondibaya uja ankati akakankha pang'ono, n'kukoka sirinji kuti aone ngati mukubwera magazi, n'kukankhanso mamililita ochepa, uku akundifunsa, "Mukumva bwanji, aphunzitsi? M'makutu muli bwino?" Ndinkaganiza kuti akungocheza nane. Ayi, ankandiyeza. Wodwala amene ali maso ndi chipangizo choyezera mwa iye yekha.

Mlingo wake ndi masamu a Fomu 1, koma masamu opha munthu ukawalakwitsa. Botolo likalembedwa 1%, ndiye kuti mu 1 mL muli 10 mg. La 0.5% lili ndi 5 mg mu 1 mL. Mabuku ambiri amaika malire a bupivacaine pa 2 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Munthu wa 60 kg malire ake ndi 120 mg, omwe ndi 24 mL a 0.5%. Mwana wa 20 kg malire ake ndi 40 mg, 8 mL basi. Sirinji yokwanira bwino kwa bambo ikhoza kupha mwana wawo. Inu amene mumasiya ma unit pa mayeso n'kumati "nambala ndiyolondola bwanji", mwamva?

Mankhwala opulumutsa pa ngozi imeneyi ndi odabwitsa: mafuta. Mu 1998 Guy Weinberg wa ku Chicago anaonetsa pa makoswe kuti mafuta oyera ngati mkaka, omwe amadyetsera odwala kudzera mu diripi, amateteza mtima ku bupivacaine. Mu 2006 kunasindikizidwa nkhani yoyamba ya munthu wopulumutsidwa motero. Kufotokoza kumodzi n'kwakuti mankhwala a dzanzi amasungunuka bwino m'mafuta kuposa m'madzi, ndiye timadontho ta mafuta timawatola m'magazi n'kuwachotsa ku mtima. Lero lipid emulsion ya 20% ndi chinthu chomwe chimayenera kukhala pafupi pomwe akuchita ma block akuluakulu.

Ngozi zina zimadalira malo. Pamwamba pa clavicle singano ikhoza kuboola chikuto cha phapo, mpweya n'kulowa pakati pa phapo ndi nthiti. Paja phapo limafufuma chifukwa pressure yozungulira ili pansi pa ya mpweya wa kunja. Mpweya ukalowa, kusiyanako kumatha ndipo phapo limafota. Akabaya chokwera pakhosi, pa opaleshoni ya phewa, mankhwala nthawi zambiri amafikanso ku phrenic nerve, umene umayendetsa diaphragm, ndiye theka la diaphragm limaima kwa maola angapo. Wachinyamata wathanzi mwina sangazindikire n'komwe, koma kwa munthu wa mapapo ofooka ndi nkhani yaikulu. Ena chikope cha mbali imeneyo chimagwa pang'ono kapena mawu amasasa, zomwe zimatha mankhwala akatha. Akabaya mtsempha wa femoral pa ntchafu, mwendo umafooka, ndipo wodwala wodzuka yekha kupita kuchimbudzi akhoza kugwa.

Mtsempha weniweniwo ukhozanso kuvulala, singano ikaulasa kapena mankhwala akathiridwa m'kati mwake mokakamiza. Ena amatsala ndi dzanzi kapena kunyerenyetsa kwa masiku kapena milungu. Ambiri amachira, kuvulala kosatha kumachitika mwa apo ndi apo. Ndipo pali kulakwitsa kopanda fizikisi m'kati: kubaya mbali yolakwika. Ku Britain mu 2011 anayambitsa kampeni ya Stop Before You Block, yoti wobaya aime kaye n'kutsimikizira mbali singano isanalowe. Ine anandifunsa katatu kuti ndi mkono uti, ngakhale unali wotupa woonekera patali.

Ngozi imene inandipeza ine inali yopusa kuposa zonsezi. Anandichenjeza kuti mkono ukhala wadzanzi mwina mpaka usiku, ndiusamale ku moto ndi ku zolemera. Madzulo mu wodi mchemwali wanga, yemwe anali gadiyani wanga, anabweretsa tiyi mu kapu yachitsulo. Ndinaika kapuyo pamiyendo uku ndikuyankha mauthenga pa foni ndi dzanja lamanzere. Mwadzidzidzi anakuwa, "Achimwene, zala zanu!" Zala ziwiri zotuluka kunja kwa bandeji zinali zitatsamira kapu. Sindikudziwa kwa mphindi zingati. Kutentha kunadutsa mu chitsulo kulowa m'khungu monga conduction imachitira masiku onse, tizidziwitso ta pakhungu tinatumiza uthenga monga mwa ntchito yake, koma uthengawo unafera pakhosi. M'mawa panali matuza awiri, ndipo kachipsera kena kadakalipo.

Cha m'ma 2 koloko usiku mankhwala anatha, tizitseko tinatseguka, ndipo ululu unabwera wonse pakamodzi. Namwino anali atandiuza kuti ndimwe mapiritsi a ululu dzanzi lisanathe. Ine ndinati ndimwerenji poti palibe chikuwawa. Usiku umenewo sindinagone.

Yesani awiri awa musanabwere m'kalasi Lolemba. Loyamba: echo yochokera ku nthiti yabwerera patatha 39 microseconds, ndipo liwiro m'minofu ndi 1540 m/s. Nthitiyo ili pansi motani? Lachiwiri: mnyamata wa 45 kg akufunika bupivacaine wa 0.25%, malire ndi 2 mg pa kilogalamu. Ndi mamililita angati omwe sayenera kupitirira? Lembani ndi ma unit ake.